Mkamwini m'Mpanda wa Chifalansa

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, kwathu ku Ngauma tinakupeza kuli thengo. Mitengo inali itamera m'kati mwa nyumba zomwe tinathawamo, ndipo amayi anazindikira pakhomo pawo chifukwa cha mphero yomwe inali ikadali pamalo pake. Chaka choyamba tinagona m'zisakasa. Chaka chachiwiri tinaumba zidina. Poyenda tinkaponda momwe aponda anzathu, poopa mabomba okwirira.

Ine ndinali ndisanakwatire. Sekondale ndinaphunzira ku Mangochi, koma maphunzirowo anali a m'Chingelezi, pomwe kuno wolemba ntchito aliyense ankayamba wafunsa Chipwitikizi. Choncho ndinagula njinga yakale n'kumakatenga sopo, shuga ndi mafuta ophikira kumalire ku Mandimba, kukagulitsa m'midzi ya cha ku Massangulo.

Nyumba ya amayi itafoleredwa, chinatsala chitseko. Ankatseka ndi mphasa. Anthu anandiuza kuti ku Mandimba, kuseri kwa msika, kuli mmisiri wa matabwa wochokera ku Zaire, dziko lomwe lero tikuti Congo, ndipo zitseko zake sizipindika ngakhale dzinja. Ndinapita.

Ndinapeza bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, atavala magalasi omanga ndi ulusi, akupala thabwa pansi pa chisakasa m'mbali mwa msewu. Dzina lawo linkavuta anthu, ndiye aliyense ankangoti Papa, akazi awo n'kumawatchula Mama. Nawonso anali othawa. Mumzinda wawo munabuka chipwirikiti, anadutsa ku Zambia ndi ku Malawi, n'kudzaima pa Mandimba ataona kuti dziko lonse likumanga ndipo nyumba iliyonse idzafuna chitseko. Ana anali nawo atatu, mtsikana wamkulu ndi alongo ake awiri aang'ono.

Ndinawaonetsa chingwe chomwe ndinayezera khomo, chili ndi mfundo zake. Anachiyang'ana, anapukusa mutu, n'kuitana m'nyumba. Anatuluka mtsikanayo. Ndinamupatsa moni adakali m'kati mwa mpanda wa bango, koma sanayankhe. Anayenda mpaka pachipata, anatulutsa miyendo yonse iwiri, kenako n'kundiyankha m'Chinyanja chabwinobwino. Anati Papa akufunsa ngati chingwechi chinali chouma kapena chonyowa pomwe ndinkayeza. Atamva mayankhulidwe anga anaseka, akuti ndimayankhula ngati wailesi ya ku Blantyre.

Ndinabweranso kangapo chitsekocho chisanathe, ndipo ndinamvetsa chifukwa chomwe sanandiyankhire m'kati muja. Papa ndi Mama anali a mitundu yosiyana. Anakumana ku sukulu ya mishoni kwawoko, ndipo Chifalansa ndicho anafunsirana nacho, kupemphera nacho ndi kukangana nacho. Chiswahili ankachidziwanso, koma chinali cha kumsika. Atafika kuno, Papa anaika lamulo limodzi: m'kati mwa mpanda, Chifalansa basi. Kunja, mwana ayankhule chilichonse chomwe watola, kaya Chiyao, Chinyanja kapena Chipwitikizi. Mnyamata akaiwala n'kuyamba nkhani m'Chiyao ali pabwalo, Papa sankamumenya. Ankangoloza chipata. Mwanayo ankatuluka, kukamalizira mawu akewo kunja, n'kubwerera. Nthawi zina ankatuluka onse awiri ali pa mkangano, kukatukwanirana mumsewu, n'kulowanso ali phee.

Lamulungu akaweruka kutchalitchi, Mama ankasinja chigwada chambiri, kuthira nsinjiro ndi nsomba zouma, n'kuphika mpunga. Aliyense wodziwa Chifalansa ankadziwa kuti malo ake alipo. Wosajomba anali wamalonda wina wa ku Mali, Msilamu, wogulitsa pamsika makapulana, nsalu zomwe ku Malawi amati zitenje. Nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, ikakwana ankayala mkeka kuseri kwa nyumba, ana n'kusiya phokoso okha. Enawo anali odutsa: madalaivala a ku Burundi, anthu otsika sitima ku Entre Lagos omwe anamva m'njira kuti ku Mandimba kuli nyumba yotere. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi, kukangana za mpira, ndi kufunsana kuti wakuti anamuona ndani komaliza. Mayi wina anamvera pa mphasa imeneyo kuti mchimwene wake ali moyo ku Lichinga.

Papa anapempha ife a njinga kuti tikamva mlendo akuyankhula ngati iwo kumalire, tizibwera naye. Tsiku lina Lamulungu ndinapeza bambo wina atakhala pa chikwama, palibe womumva. Ndinamukweza pakaliyala. Mama anamulandira ngati m'bale, ndipo ine nditati ndizipita anandigwira mkono n'kundikhazika pamphasa. Ndinadya osayankhula, chifukwa ndinalibe mawu ololedwa m'menemo. Kuyambira pamenepo ndinkapezeka pafupipafupi, mlendo alipo kapena palibe. Mtsikanayo ankandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo kuperekezako kunkatalika mwezi ndi mwezi. Mvula ina itadutsa tinagwirizana zokwatirana.

Zomwe Papa ankaopa ndinazidziwa pambuyo pake, koma ndizinene pano. Kwawo, mwamuna akakwatira amapereka malowolo, amatenga mkazi kupita naye kwa makolo ake, ndipo ana amakhala a kwa bambo. Papa anasiya nyumba, zida ndi manda a makolo. Chomwe anafika nacho chathunthu chinali chinenero, ndipo ankanena kawirikawiri kuti iwo mwina sadzabwerera, koma ana kapena adzukulu adzapita, ndipo asadzaime pakhomo pa abale awo ngati alendo ofuna womasulira. Ataona ine, anaona mwana wawo akukwezedwa pa njinga kupita kumudzi wa ku Ngauma, n'kukabereka ana omwe iwo sadzatha kucheza nawo.

Ine zimenezi sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Kwathu mwamuna ndiye amasamuka. Amakamanga kwa mkazi, kulima komweko, ndipo ana amakhala a mbumba ya mayi awo. Ndinakula ndikuona zimenezi, moti sindinaganizepo kuti ndi nkhani yofunika kufotokozera munthu. Pa mphasa ya Lamulungu ija, pomwe ena ankaimba, ine maso anali pabwalo, ndikudzifunsa kuti kanyumba kanga kadzakwana pati. Ndipo ku Mandimba nthawi imeneyo anthu anali osakanikirana, aliyense akumanga pomwe wapeza, kotero Papa, omwe tsiku lonse anali pa matabwa, mwambowu sanauone.

Ndinauza amalume, mlongo wawo wa amayi. Anali munthu wamtali, mlimi wa fodya, wokonda nthabwala, ndipo ndiwo anali nkhoswe yanga. Anavala jekete lawo la pakaunjika, anapalasa njinga kuchokera ku Massangulo, n'kukagogoda kwa Papa. Wa ku Mali uja ndiye ankamasulira, chifukwa Chiyao anali atachitola kumsika ndi kumzikiti, ndipo amalume Chiyao ankachiyankhula ngati chawo. Ine ndinadikira pansi pa mtengo patsidya pa msewu, monga mwa mwambo.

Sanachedwe. Amalume anandifotokozera tikukankha njinga. Akuti Papa anayamba ndi kufunsa ngati bambo anga anamwalira. Iwo anayankha kuti ali bwino ndithu, awasiya akupalira chimanga. Akuti apo nkhope ya Papa inasintha. Kenako anati mnyamatayo ndi wabwino, alibe naye chifukwa, koma sizitheka, popeza iwo ndi alendo m'dziko lino ndipo alibe china chilichonse koma anawa.

"Ndiye akana," ndinatero.

"Sanakane iwe. Manyazi awagwira," anatero amalume. "Bwalo lija waliona? Nkhuku ikatembenuka mchira ukukhudza mpanda. Ukamanga pati? Ukalima pati? Munthu wamkulu ngati uja anganene pakamwa pake kuti ndilibe poika mkamwini? Wanena mozungulira, ife timve tokha."

Ndinawakhulupirira, chifukwa nanenso ndinali nditaliyeza bwalolo ndi maso. Koma sabata yomweyo Papa anatumiza mwana wawo wamkaziyo ku Cuamba, kwa banja lina la kwawo, akuti akaphunzire kusoka. Sitinatsanzikane. Wa ku Mali anandinong'oneza pamsika kuti m'banja limenelo muli mnyamata wosakwatira, wodziwa Chifalansa, ndipo Papa akuyembekeza kuti awiriwo azolowerana. Ndinasiya kupita Lamulungu. Katundu ndinkakatenga kumalire podzera njira ina.

Amalume sanakhale pansi. Kuseri kwa mpanda wa Papa kunali malo a tchire, a mango akuluakulu ndi chigumula cha nyumba. Mwini wake anali bambo wina wachikulire, Msilamu, yemwe amalume anadziwana naye ku Malawi pa mzere wolandirira chimanga. Malowo anali a mng'ono wake yemwe sanabwereko. Amalume anakacheza naye masana onse, kukumbutsana za kothawa kuja, kenako n'kutula nkhani. Bamboyo anati tchirelo langokhala losungira njoka, kuli bwino pakhale anthu, ndipo anawonjezera kadimba kumtsinje. Anakadziwitsa amfumu, nkhani n'kutha.

Ndinkaganiza kuti tsopano amalume abwerera kwa Papa ndi uthengawo. Iwo anati ayi, mawu tinayankhula kale, tsopano aone mikono. Anandipatsa chikwanje ndi khasu. Ndinachita mantha, koma ndinamvera. Ndinatchetcha udzu, ndinazula zitsa, ndinakumba dzenje la dothi n'kuyamba kuumba zidina. Alongo ake aang'ono aja ankasuzumira m'mipata ya bango. Papa ankadutsa osandiyang'ana. Ankayesa kuti mwini malo wandilemba ganyu, ndipo ndavomera dala kuti ndiziwawawitsa mtima. Zidina zitayamba kuuma m'mizere, anapita kukafunsa mwini maloyo, yemwe anawayankha mosangalala kuti imeneyo ndi nyumba ya mwana wawo.

M'mawa mwake anandiitanitsa, pamodzi ndi amalume ndi womasulira. Ulendo uno anati nanenso ndikhalepo. Tinakhala pansi pa chisakasa chogwirira ntchito, kunja kwa mpanda, pamatabwa osapala. Ine ndinakhala pansi, matope ali m'miyendo. Papa ankayankhula pang'onopang'ono, atakwiya mwaulemu. Anafunsa kuti munthu amene wakanidwa amamanga bwanji nyumba pakhoma pa womukana.

Amalume anayankha kuti vuto lija lathetsedwa. Malo apezeka, dimba lapezeka, palibenso chochititsa manyazi. Mnyamata amanga apa, alima apo, ndipo mpanda akaufuna aukuze okha.

Wa ku Mali anamasulira, kenako anabwereza funso kwa amalume payekha, kuopa kuti sanamve bwino. Papa anavula magalasi. Anafunsa kuti nyumbayi akhalamo mpaka liti asanamutenge mkaziyo kupita naye kwawo.

"Kukatani naye kwathu?" anatero amalume. "Kwathu atsikana tili nawo, ndipo amuna awo ali komweko akutilimira. Uyu tikumupereka kwa inu. Denga likadontha, ndi uyu. Mama akafuna nkhuni, ndi uyu. Akachita ulesi mutiuze."

Papa anafunsa za ana.

"Ana ndi a kwa mayi awo. Ndi anu."

Wa ku Mali anayamba kuseka, akugwira ndevu, n'kunena m'Chiyao kuti akadadziwa kale akadabwera kuno ali mnyamata, akadapeza munda waulere. Amalume anamuyankha kuti munda wa mkamwini si waulere, afunse msana wa bambo anga.

Papa sanaseke. Anafunsa chinthu chomwecho m'njira zosiyanasiyana, monga ankachitira ndi mpando akaulumikiza, kuugwedeza uku ndi uku kuti aone ngati ulimba. Mwana akadwala amaweruza ndani? Ukwati ukatha ana amatsala kuti? Mwamuna akamwalira, abale ake sabwera kudzawatenga? Amalume anayankha zonse osatopa. Pomaliza Papa anatulutsa chomwe chinawapweteka tsiku loyamba lija. Anati kwawo, bambo ali moyo n'kutumiza mlamu wake kukafunsira mwana mbeta, ndiye kuti banja la mtsikanalo walinyoza.

"Bambo ake nawonso ndi mkamwini kwathu," anatero amalume. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, ndiye ndi wanga. Atadwala chikuku ku Malawi anadzutsa ine. Akadzalakwa pano mudzaitana ine. Ndikadatumiza bambo ake, pamenepo ndiye mukadati takunyozani." Kenako analoza anyamata awiri aja, omwe anali pachipata akumvetsera. "Eni ake a adzukulu anu ndi anyamata awo, popeza ndiwo adzakhale amalume."

Papa anatembenuka n'kuyang'ana ana awo. Wamng'onoyo anali ndi kabudula wong'ambika, bango la mpanda lili m'kamwa. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Tinamva mawu a Mama m'katimo, okwera ndi otsika. Patapita nthawi anatuluka okha, akupukuta manja pa kapulana, anadutsa chipata n'kugwada pang'ono kwa amalume. Chinyanja chawo chinali cha kuchitsime, chodukaduka koma chomveka. Anati za amuna osamukira kwa akazi anazimvapo kwa amayi anzawo, koma ankayesa kuti ndi za eni dziko, okhala ndi midzi ndi manda awo. Iwo mudzi alibe.

"Mayi, mudzi wathu ku Ngauma unayamba ndi agogo athu aakazi, atafika ndi mtolo pamutu," anatero amalume. "Wanu uyamba ndi inu."

Mama anabisa nkhope m'kapulana. Amalume anayang'ana kumbali n'kumafunafuna fodya m'thumba la jekete.

Papa atatulukanso, nkhani inali ya zotsala. Za malowolo zinawavuta. Anati mwana wawo sangapite chimanjamanja ngati wotoledwa, ndipo amalume anati sakupita kulikonse. Anagwirizana kuti ndipereke mbuzi kwa Mama ndi jekete kwa Papa, kuti akadzalembera abale kwawo adzakhale ndi chonena. Amalume nawo anapempha chimodzi. Anati adzukuluwo ayankhule Chifalansa mpaka mbalame zidabwe, koma akafika ku Ngauma adziwe kugwada ndi kupereka moni kwa agogo awo m'Chinyanja, ndipo akatumidwa madzi asabwere ndi nkhuni. Papa anavomera. Anagwirana chanza.

Tsiku lotsatira ndikuyala zingwe za maziko, Papa anatulukira ndi sikweya yawo yoyezera ngodya. Anayang'ana ngodya zanga, anapukusa mutu, anazula zikhomo zonse n'kuyambiranso. Sanandiuze kuti andilola. Anangondipatsa nsonga ya chingwe kuti ndigwire. Uthenga unapita ku Cuamba ndi dalaivala wa lole, ndipo mwana wawo anabwera pa lole yomweyo pobwerera, atakhala pamwamba pa matumba a mchere. Anandiuza pambuyo pake kuti mnyamata wa ku Cuamba uja anali wabwino, koma ankayankhula za iye mwini kuyambira m'mawa. Tinakwatirana chimanga chitacha. Kutchalitchi kunaimbidwa nyimbo za Chinyanja ndi za Chifalansa, ndipo bambo anga anabwera, anakhala kumbuyo monga mkamwini, mpaka Papa anakawagwira dzanja n'kuwakhazika kutsogolo.

Ukamwini wanga sunafanane ndi wa anzanga. Kwathu mkamwini amapewa apongozi aakazi. Sadya nawo, ndipo akakumana panjira amapatuka. Ine ndinayamba kuchita zomwezo. Ndikaona Mama akubwera ndinkalowa m'chinangwa. Iwo anadandaula kwa mkazi wanga kuti kodi andilakwira chiyani, popeza kale ndinkadya chigwada chawo bwinobwino. Nditafotokoza kuti ndi ulemu, anati ulemu wothawa munthu sakuufuna. Ndinabwerera pamphasa, koma kwa zaka zambiri ndinkadya nditapenya pansi. Papa anakuza mpanda n'kuzunguliza nyumba yanga, kotero lamulo lija linandipeza. Anandisiyira khonde langa lokha. Pamenepo ndinkayankhula Chinyanja ndi mkazi wanga, ndi alendo anga, kenako ndi ana. Anzanga a njinga ankandiseka kuti ndapita ku Zaire wapansi. Chifalansa ndinachiphunzira mochedwa ndiponso mopunduka. Ndimamva zambiri, koma ndikayankhula ana anga amayang'anana.

Mwana wathu woyamba anali wamkazi. Atangoyamba kukhala pansi, Papa ankamutenga m'mawa n'kumuika m'bokosi la matabwa pafupi ndi pomwe ankapala. Ankamuyankhula tsiku lonse. Ankamuuza dzina la chida chilichonse, kumufotokozera chifukwa chake thabwa ili lakana, kudandaula kwa iye za makasitomala. Ana enawo anadzera m'bokosi lomwelo. Nthawi yokolola mkazi wanga ankawatenga onse kupita nawo ku Ngauma, ndipo ankakhala mpaka nkhokwe itadzaza. Ulendo woyamba mwana wamkuluyo anapatsa amayi anga moni wa Chifalansa n'kuwapsompsona patsaya. Amayi anadzipukuta n'kundiyang'ana. Pofika chaka chotsatira ankagwada, ndipo ankatukwana mbuzi m'Chinyanja cha kumudzi chomwe ine sindinamuphunzitse.

Mwambo womwe unasungira Papa adzukulu unawatengeranso ana aamuna. Atakula, wina anakwatira cha ku Entre Lagos n'kukamanga kwa mkazi wake, winayo anapita ku Nampula. Ana awo amayankhula Chimakua ndi Chipwitikizi, Chifalansa amangodziwa moni. Papa zinawawawa, koma sanatsutse. Anandiuza tsiku lina tikukhoma denga kuti pochoka kwawo chiyembekezo chawo chinali pa anyamatawo, mtsikana ankamuwerengera ngati wopita. Anaseka pang'ono, n'kundipempha misomali.

Anthu a Lamulungu aja ankasinthasintha. Ena anapita ku Maputo, ena anabwerera kwawo, ena atsopano anabwera. Papa anakalamba, maso anafooka, ndipo anamwalira ku Mandimba osaonanso dziko lawo. Manda anakumba anthu a m'dera lathu, Akhristu ndi Asilamu. Amalume anali atakalamba nawonso, koma anabwera pa njinga ya ganyu n'kuyankhula m'malo mwa banja, popeza panalibe wamkulu wina. Odziwa Chifalansa anachokera ku Cuamba, ku Lichinga ndi kutsidya kwa malire, ena omwe anadya pamphasa ija kamodzi kokha. Pemphero lomaliza anatsogolera ndi mwana wathu wamkulu.

Patapita zaka ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku Cuamba, Chipwitikizi nditachidziwa tsopano. Mkamwini sangonyamula banja, amapempha. Ndinapempha kwa Mama ndi kwa alamu anga aja, omwe ndinawadziwa akudya bango. Anandilola, ndipo Mama anati apita nafe. Nyumba ya ku Mandimba tinasiyira mdzukulu wa bambo wachisilamu uja, mwini malo.

Ndikaganiza za anthu amenewa ndimasowa poyambira kuthokoza. Amalume analakwitsa kumva chifukwa chomwe Papa anakanira, koma kulakwitsa kwawoko anakugwirira ntchito ndi mtima wonse. Bambo wa malo uja anapereka dothi la mng'ono wake kwa anthu osapemphera nawo. Papa ndi Mama anandilandira m'nyumba momwe munali chuma chawo chokhacho, ndipo sanandiuzepo kuti ndisiye changa.

Papa anali ndi mlongo wawo mmodzi wotsala ku Congo. Misewu itatseguka ndipo mafoni atafika, Mama anayamba kunena zopita, asanafooke. Oti awaperekeze anali mwana wathu wamkulu, yemwe tsopano ndi mphunzitsi. Ine ndinali ndi nkhawa, osati ya njira yokha. Chifalansa chake anachiphunzira m'bokosi la matabwa ku Mandimba, kwa anthu ochepa, ndipo sindinkadziwa ngati kumeneko akachimva kapena akamuseka.

Mwanayo anaimba foni atafika. Ndinali pakhonde ndikupopa njinga. Anayamba m'Chifalansa chothamanga, ndipo ndinamupempha kuti abwerere ku Chinyanja, bambo ake ndine. Anati afika bwino, Mama atopa koma akudya. Anati atalowa pabwalo anapereka moni, anafotokoza za ulendo, ndipo agogo aakaziwo, mlongo wa Papa uja, ankangomuyang'ana pakamwa. Kenako mpando womwe anamupatsa unagwedera, iye n'kung'ung'udza osaganiza, kuti anaupanga ndani mpando wotere, munthu wopanda maso. Apo gogoyo anagwa m'kulira, kenako m'kuseka, n'kuitana anthu a nyumba zoyandikana kuti abwere adzamve mlongo wake, Papa, akudandaula kudzera m'kamwa mwa mdzukulu.

"Akuti ndimayankhula ngati nkhalamba ya ukalipentala, ababa," anatero. "Mawu ena akuti anasiya kuwagwiritsa ntchito kalekale. Azisuweni akundiseka."

Ndinamufunsa ngati zikumupweteka. Anati ayi, nawonso akuwaseka, ndipo kuyambira m'mawa sanamulole kukhala chete. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu ambiri akuyankhula nthawi imodzi. Wina anamuitana, iye anayankha, ndipo anandiuza kuti adula, akumufuna kukhitchini.